Kompyuta yakale isatayidwe, koma zipinda zake zikhale ndi mayina

Makolo, ophunzira ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti, m'nyumba zambiri zimene ana a pasukulu pano amachokera muli kompyuta yakale. Ina inagulidwa pa kaunjika, ina inabwera ndi wachibale wochokera ku Joni kapena ku Mangalande, ina inatsala pamene ofesi inkagula makina atsopano. Pa kompyuta imeneyi ndi pamene mwana amayeserera zimene waphunzira mu Computer Studies, ndi pamene bambo amalemba ngongole za pagolosale, ndipo ndi m'mene muli zithunzi za ukwati wa achemwali ndi za agogo amene anatisiya.

Makinawa akutsalira. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows XP pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa thandizo lapadera la kanthawi. Windows 11 imafuna purosesa ya masiku ano ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, zimene makompyuta ambiri a pa kaunjika alibe. Koma kutsalira si kufa. Kompyuta yotereyi imalembabe kalata, imawerengerabe ndalama ndipo imasindikizabe. Kungoti tsiku lina idzapita kwa mmisiri, kaya kukaikidwanso Windows, kaya kukaikidwa Linux, imene ndi yaulere ndipo mitundu yake ina, monga Lubuntu ndi Linux Mint Xfce, imayenda bwino pa makina opanda mphamvu zambiri. Tsiku limenelo ndi limene banja limataya zinthu zake, ndipo kawirikawiri disiki imakhala ili bwinobwino. Vuto limangokhala lakuti panalibe wodziwa kuti chakuti chili pati.

Maganizo anga ndi akuti kompyuta iliyonse ya panyumba, ngakhale ya ku ofesi ya komiti, isachoke m'manja mwa mmisiri zinthu ziwiri zisanachitike. Choyamba, chigawo chilichonse cha hadi disiki chikhale ndi dzina limene mayi, bambo ndi mwana wa Fomu 1 angawerenge n'kumva. Chachiwiri, chigawo chimene timasungamo zinthu zathu chizitseguka chokha pamalo amodzimodzi nthawi iliyonse tikayatsa makina. Ntchito yake sitenga ola lathunthu ndipo silira ndalama. Chimene chimasowa ndi munthu woifunsa.

Hadi disiki ndi nyumba ya zipinda

Hadi disiki ndi chipangizo chimodzi, koma amisiri amaigawa zigawo, zimene iwo amati mapatishoni. Zili ngati nyumba imodzi yokhala ndi pabalaza, chipinda chogona ndi chosungira chimanga. Chigawo chimodzi chimasunga Windows kapena Linux ndi mapulogalamu ake, china chimasunga zolemba ndi zithunzi za eni ake. Ubwino wa kugawa chomwechi ndi wakuti mmisiri akhoza kusesa chipinda cha mapulogalamu n'kuikamo zatsopano osakhudza chipinda cha katundu.

Windows imatchula zigawozi ndi zilembo. Chifukwa chake chigawo chachikulu chimatchedwa C: n'chakuti pa makompyuta a kale zilembo A: ndi B: zinali za timadisiki tofewa tija tinkatchedwa floppy. Timadisikito tinatha, koma C: inatsala. Njira yakale yogawira disiki, yotchedwa MBR, inayamba mu 1983 ndipo imalola zigawo zikuluzikulu zinayi zokha. Wofuna zambiri amasandutsa chimodzi mwa zinayizo kukhala thumba loikamo zigawo zina zing'onozing'ono. Makina a masiku ano amagwiritsa ntchito njira ina yotchedwa GPT, imene pa Windows imalola zigawo 128.

Tsono tsegulani kompyuta ya kwanu muone zimene zalembedwa. Ambiri mupeza Local Disk C:, Local Disk D:, mwinanso New Volume E:. Mayina amenewa sanena kanthu. Zili ngati khitchini m'mene muli zitini zitatu zofanana, china cha mchere, china cha shuga, china cha soda, zonse zosalembedwa. Mayi wa nyumbayo amadziwa mwa chizolowezi, koma mlendo wobwera kudzaphika athira mchere mu tiyi. Mmisiri wa makompyuta ndi mlendo woteroyo. Pamene akuika Windows, makina amamuonetsa mndandanda wa Drive 0 Partition 1, Drive 0 Partition 2 ndi ena otero, pamodzi ndi kukula kwa chilichonse, ndipo zilembo za C: ndi D: sizioneka pamenepo. Ngati zigawo ziwiri zikufanana kukula, iye amangolota. Koma ngati chigawo chinapatsidwa dzina, dzinalo limaoneka pa mndandanda womwewo. Munthu amene waona mawu akuti BANJA kapena SUKULU amayamba waganiza asanadine pofufuta.

Malo a pamzere si dzina

Mu Linux mulibe C: kapena D:. Zonse zili pa mtengo umodzi wa mafoda umene tsinde lake ndi chizindikiro cha /. Kuti chigawo chioneke, chiyenera kulumikizidwa ku foda ina ya mtengowo, monga m'mene mlimi amamezanitsira nthambi pa mtengo wa mango. Kulumikiza kumeneku amisiri amati mount. Chigawo chosalumikizidwa chimakhala chilipo ndi zonse zili m'kati mwake, koma sichioneka m'mafoda. N'chifukwa chake munthu amene waikiridwa Linux kumene amafuula kuti D: yake yasowa, chonsecho siinapite kulikonse.

Linux imatchula madisiki motsatira m'mene yawapezera poyaka. Yoyamba kupezeka imatchedwa sda, yachiwiri sdb, yachitatu sdc. Zigawo zimapatsidwa manambala: sda1, sda2 ndi ena otero. Pa disiki ya MBR zigawo za m'thumba lija zimayambira pa nambala 5, choncho D: ya pa makina a nthawi ya Windows XP kawirikawiri imapezeka ngati sda5. Koma mayina amenewa ali ngati malo a pamzere wa pa mjigo. Wofika mbandakucha ndiye woyamba lero, mawa akagonereza akhala wachitatu. Mukawonjezera disiki ina, mukasintha nthambo m'kati mwa makina, kapena mukayatsa kompyuta fulashi ili chilowetsere, imene inali sdb dzulo ikhoza kudzuka ili sdc. Amene anauza makina kuti azitsegula sdb1 adzapeza kuti atsegula chipinda cha eni ake, kapena sanatsegule chilichonse.

Mankhwala ake alipo. Chigawo chilichonse chikamakonzedwa chimapatsidwa nambala yakeyake yotchedwa UUID, imene sisintha ngakhale disiki itachoka pa nthambo iyi kupita pa nthambo ina. Ophunzira a Fomu 4 amvetsa msanga. M'kalasi mukhoza kukhala anyamata awiri a dzina limodzi, ndipo malo okhala amasintha tsiku ndi tsiku, koma ku MANEB aliyense ali ndi nambala yake ya mayeso. UUID ndiyo nambala ya mayeso ya chigawo. Pa chigawo cha ext4, mtundu umene Linux imakonda, nambalayi ili ndi zizindikiro 32. Pa cha NTFS, mtundu wa Windows, zilipo 16. Palibe angailoweze pamtima, ndipo n'chifukwa chake tikufuna zonse ziwiri: nambala ikhale ya makina, dzina likhale la anthu. Dzina lokha silikwanira, poti mafulashi awiri akhoza kutchedwa dzina limodzi. Nambala yokha siikwanira, poti agogo sangaizindikire.

Amene amati kudina kamodzi n'kokwanira

Ena anena kuti zonsezi n'zochulutsa gaga m'diwa. Ukatsegula pulogalamu yoonera mafayilo n'kudina pa chigawocho, chimatseguka. Nanga vuto lili pati? N'zoona kuti chimatseguka, ndipo kwa munthu amene amagwiritsa ntchito kompyuta yekha n'kumakumbukira kudina tsiku lililonse, vuto si lalikulu. Koma kompyuta ya panyumba si ya munthu mmodzi.

Pa Ubuntu ndi Linux Mint, chigawo chotsegulidwa mwa kudina chimakalumikizidwa ku foda yokhala pansi pa dzina la amene wadinayo. Mlongo wake akalowa ndi akaunti yake, njira ya ku chigawocho imakhala ina, ndipo ngati mchimwene wake anatsegula kale osatseka, iye akhoza kukanizidwa kulowamo. Ngati akauntiyo si ya woyang'anira makina, nthawi zambiri imafunsidwa pasiwedi ya woyang'anirayo, amene mwina ali kumsika. Ngati chigawocho chilibe dzina, chimaoneka ndi kukula kwake kokha, monga 250 GB Volume, ndipo foda yake imatchedwa ndi nambala yaitali ija. Komanso mapulogalamu sadikira kuti munthu adine. Mwana akatsegula LibreOffice n'kusankha ntchito imene ankalemba dzulo, amauzidwa kuti fayilo kulibe. Pulogalamu yokopera zinthu kuti zisungike imalephera mwakachetechete chifukwa malo okaikako sakupezeka.

Zikatero mwana amachita chimene wina aliyense angachite: amasunga ntchito yake pamene paoneka pafupi, pa Desktop kapena mu Downloads. Malo amenewo ali m'chipinda cha mapulogalamu, chomwe chija mmisiri amasesa. Pakutha pa chaka chigawo chosungira zinthu chimakhala chopanda kanthu, ndipo zonse zofunika zimakhala zitaunjikana pamalo oopsa. Chigawo chotseguka chokha chimaphunzitsa banja chizolowezi chabwino popanda wina kukalipa.

M'mene zimachitikira

Pa Windows ntchito ndi yochepa, chifukwa Windows imalumikiza yokha zigawo zimene ikuzidziwa. Chotsala ndi mayina. Dinani ndi batani la kumanja pa chigawocho, sankhani Rename, lembani dzina. Kusintha dzina sikufufuta kanthu. Disiki ya kunja kapena fulashi imatenga chilembo choyamba chimene chilibe mwini, choncho lero ikhoza kukhala E: mawa F:. Mu Disk Management muli posankha polembedwa Change Drive Letter and Paths. Ipatseni chilembo chakutali, monga S: kapena T:, ndipo kompyutayo izikumbukira. Chilembo cha C: musachikhudze, ndipo musasinthe chilembo cha chigawo chimene munaikamo mapulogalamu, chifukwa adzasochera.

Pa Ubuntu ndi Linux Mint pali pulogalamu yotchedwa Disks. Mukasankha chigawo, pansi pake pali kabatani kotsegula mndandanda wa zochita. Edit Filesystem ndi posinthira dzina, ndipo ndi bwino kutero chigawocho chisanalumikizidwe. Edit Mount Options ndi pouzira makina kuti azichitsegula okha: zimitsani User Session Defaults, chongani Mount at system startup ndi Show in user interface, lembani malo olumikizira monga /mnt/sukulu, ndipo pa Identify As sankhani mzere woyamba ndi UUID. Chenjezo ndi limodzi. Pa mndandanda womwewo pali Format Partition, imene imasesa zonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Werengani kawiri musanadine.

Zimene Disks imachita ndi kulemba mzere umodzi mu fayilo yotchedwa /etc/fstab, imene Linux imawerenga nthawi iliyonse ikamayaka. Ophunzira a Computer Studies ayenera kuidziwa fayilo imeneyi, chifukwa si makina onse ali ndi Disks. Lamulo la lsblk -f limaonetsa zigawo zonse, mtundu wa chilichonse, dzina lake ndi UUID yake. Lamulo la blkid limachitanso chimodzimodzi. Mzere wa mu fstab umaoneka chonchi:

UUID=nambala-ya-chigawo /mnt/sukulu ext4 defaults,nofail 0 2

Uli ndi mbali zisanu ndi imodzi. Yoyamba ikunena chigawo chake, ndipo pamenepo mumakopera nambala yeniyeni imene lsblk yaonetsa. Yachiwiri ndi foda yolumikizirako, imene iyenera kupangidwa kaye. Yachitatu ndi mtundu wa chigawo. Yachinayi ndi malangizo a katsegulidwe. Yachisanu ndi ya pulogalamu yakale yokopera zinthu, ndipo masiku ano pamangolembedwa 0. Yomaliza ikunena ngati makina aziyamba afufuza zolakwika pa chigawocho: 1 ndi ya chigawo cha Linux yeniyeniyo, 2 ndi ya zigawo zina, 0 ndiye kuti osafufuza. Pa chigawo cha NTFS mtundu umalembedwa ntfs-3g, nambala yomaliza imakhala 0, ndipo pa malangizo amawonjezera uid=1000 ndi gid=1000 kuti mwini akaunti yoyamba athe kulembamo. Pa cha ext4 mwini wa foda amaikidwa ndi lamulo la chown.

Posankha mayina, fupikitsani. Chigawo cha FAT32, mtundu wa mafulashi ambiri, chimalola zilembo 11, cha ext4 chimalola 16, cha NTFS 32. Pewani mpata pakati pa mawu, chifukwa mu fstab mpata umatanthauza kuti mbali imodzi yatha ndipo ina yayamba. Mayina ngati SUKULU, BANJA, MALONDA, ZITHUNZI ndi KAUNDULA amakwana paliponse. Ndi bwino kutchula chigawo ndi ntchito yake kusiyana ndi dzina la munthu, chifukwa mwana amapita ku koleji koma chigawo chimatsala. Ndipo palibe lamulo lakuti mayinawa akhale a Chingerezi. Makina amalandira Chichewa kapena Chiyao mofanana. Ubuntu yomweyi, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, ili ndi dzina lochokera ku mawu a Chizulu ndi Chixhosa ofanana ndi athu akuti umunthu.

Zoopsa zake zilipo

Amisiri ena safuna kuti eni makina akhudze fstab, ndipo mantha awo ali ndi chifukwa. Chilembo chimodzi chikalakwika, kapena disiki yolembedwa m'menemo ikachotsedwa, Linux imaidikira kwa masekondi 90, kenaka imaima pa chinsalu chakuda cholembedwa emergency mode. Banja losadziwa liganiza kuti kompyuta yapsa. Walira mvula walira matope. Koma matope amenewa ali ndi powolokera. Musanasinthe fstab, ikopereni pambali kuti mukhale ndi pobwerera. Pa chigawo chilichonse chimene si cha Linux yeniyeniyo lembani nofail, mawu ouza makina kuti akachisowa apitirire kuyaka. Mukatha kulemba, musazimitse kompyuta musanayese ndi malamulo a sudo findmnt --verify ndi sudo mount -a. Akadandaula, konzani pomwepo makina akadali oyaka. Kumbukiraninso kuti kufomata chigawo kumachipatsa UUID yatsopano, choncho mzere wake uyenera kulembedwanso.

Pa makina amene muli Windows ndi Linux pamodzi pali msampha wina. Kuyambira pa Windows 8 pali chinthu chotchedwa Fast Startup, chimene chimachititsa kuti mukazimitsa kompyuta Windows isatseke zonse, koma ingogona kuti idzadzuke msanga. Zigawo za NTFS zimatsala ngati zili m'manja mwake. Linux ikazipeza chomwecho imakana kuzitsegula, kapena imazitsegula mongowerenga, osalola kulembamo. Ikuchita bwino, chifukwa kulemba m'chigawo chotero kukhoza kuwononga mafayilo. Musaikakamize. Lowani mu Windows, pitani ku Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, muchotse chongi pa Turn on fast startup, kenaka zimitsani bwinobwino.

Kuzima kwa magetsi nakonso tikuganizire. Chigawo cholumikizidwa chimene chikulembedwa magetsi akamazima chikhoza kuwonongeka. Mitundu ya ext4 ndi NTFS imasunga kaundula wa zimene ikufuna kulemba isanalembe, choncho magetsi akabwera imatha kudzikonza. FAT32 ilibe kaundula wotero, ndipo siilandira fayilo yokwana 4 GB. Ndi yabwino pa fulashi, koma si yoyenera kusungira chuma cha banja.

Si chipinda chilichonse chiyenera kutseguka

Ndikamati chigawo chizitseguka chokha sindikunena zigawo zonse. Pa disiki pamakhala tizigawo ting'onoting'ono ta makina eni ake, monga System Reserved, Recovery ndi EFI. Timeneti tisiyeni m'mene tilili. Chigawo cha C: cha Windows nachonso chisamatseguke chokha mu Linux, chifukwa mwana wofuna kupeza malo oika mafilimu akhoza kufufutamo mafoda amene sakuwadziwa, ndipo Windows siidzayakanso.

Palinso zinthu zimene si za maso a aliyense. Bambo amene amalemba ngongole za makasitomala, mayi amene amasunga buku la banki m'khonde, mlembi wa komiti amene ali ndi mayina a opereka ndi a mabanja olandira thandizo, onsewa akusunga zinthu za anthu ena. Chigawo chotero chikhale ndi dzina, koma mu fstab chilembedwe noauto kuti chizitseguka pokhapokha mwini wake wafuna, kapena chikhale cha ext4 ndipo chilolezo cholowamo chiperekedwe ku akaunti imodzi yokha. Dziwani kuti zimenezi zimangoletsa mwana wachidwi. Munthu wodziwa akhoza kuyatsa kompyutayo ndi fulashi yake n'kuwerenga zonse. Chotchinga chenicheni ndi kukiya chigawo chonse ndi LUKS pa Linux kapena BitLocker pa Windows. Koma loko ameneyu sadziwa mwini: pasiwedi ikaiwalika ndipo kiyi yopulumutsira palibe, zonse zapita. Komiti yofuna kutero ionetsetse kuti anthu awiri odalirika akuidziwa, ndipo yalembedwa pa pepala losungidwa pamalo okhoma.

Chigawo si nkhokwe yachiwiri

Pali chinyengo chimodzi chimene chimabwera ndi dongosolo labwinoli. Munthu akaona kuti zinthu zake zili mu BANJA, kutali ndi chipinda cha mapulogalamu, amayamba kudzimva wotetezeka. Koma zipinda zonsezi zili pansi pa denga limodzi. Hadi disiki ya mtundu wakale ili ndi timbale tozungulira ndi kamkono kowerenga, ndipo zinthu zoyenda zimatha. Ikafa, imafa ndi zigawo zake zonse tsiku limodzi. Wakuba akanyamula kompyuta sasiya D: pakhomo. Kukopera fayilo kuchoka ku C: kupita ku D: kuli ngati kusamutsa thumba la chimanga kuchoka pabalaza kupita kuchipinda n'kumati moto sulipeza.

Pulogalamu ya Disks ili ndi malo otchedwa SMART Data, pamene disiki imanena za thanzi lake. Ikayamba kuchenjeza, kapena mukamva kugogoda m'kati mwa makina, nthawi yatha. Musadikire zimenezo. Zinthu zimene sizingapezekenso, monga zithunzi, makope a masatifiketi ndi kaundula wa ndalama, zikhalenso pa disiki ya kunja kapena pa fulashi yosungidwa kwina. Nayonso ipatsidwe dzina. Ena anena kuti zonse tingoziika pa intaneti. Kwa amene angakwanitse mabandulo ndi bwino, koma zithunzi za zaka khumi sizikwera pa bandulo ya tsiku limodzi, ndipo netiweki ikavuta pa tsiku lopereka ntchito, mphunzitsi sadikira.

Aliyense ndi mbali yake

Makolo, simukufunika kudziwa fstab kuti muteteze zinthu zanu. Mukamapereka kompyuta kwa mmisiri mufunseni mafunso atatu. Kodi zinthu zathu zili pa chigawo chiti? Kodi mwazikopera kwina musanayambe? Kodi chigawocho chili ndi dzina ndipo chizitseguka chokha? Ngati akuika Linux, muuzeni asasankhe Erase disk pokhapokha mwagwirizana, chifukwa kusankha kumeneko kumasesa disiki yonse pamodzi ndi D: yomwe. Pokatenga makinawo, ayatseni pamaso pake, muone zithunzi zanu ndi maso anu, muzimitse, muyatsenso. Mmisiri wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa. Safunsa anadya phula.

Ophunzira, ntchito iyi ndi yanu kuposa wina aliyense. Ndinu amene mumadziwa Chingerezi cha pa makina, ndipo ndinu amene mudzalira kwambiri ntchito ya chaka chonse ikasowa. Pa tchuthi chikubwerachi tengani kope, mulembe zigawo zonse za kompyuta ya kwanu: dzina, kukula, mtundu, UUID ndi zimene zili m'kati. Pepala limodzi likhale m'kope, lina limatidwe pambali pa makina. Yambani ndi kutchula mayina, chifukwa sikuwononga kanthu. Zosintha fstab chitani mutapempha chilolezo kwa makolo, mutakopera zofunika, ndipo koyamba pakhale wina wodziwa pambali panu. Luso limeneli si la makina akale okha. Makompyuta akuluakulu ambiri amene amasunga mawebusayiti amayendera Linux, ndipo fayilo yomweyi ya fstab ili m'menemo.

A komiti, makomiti amasintha ndipo mlembi wa lero si wa mawa. Ngati kaundula wa zopereka ndi malipiro ali pa kompyuta imene munthu mmodzi yekha amadziwa njira zake, tsiku limene iye adzasamuke kaundulayo adzasanduka nkhalango. Pemphani kuti pa msonkhano ukubwerawu mlembi aonetse zigawo za kompyuta ya ofesi, mayina ake, ndi kumene kope lachiwiri likusungidwa, ndipo zimenezi zilowe m'buku la zokambirana. Mungachitenso bwino kugwirizana ndi sukulu kuti pakhale Loweruka limodzi pa teremu pamene mabanja angabwere ndi makina awo akale, ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 n'kuthandiza kutchula zigawo mayina moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Zofunika ndi tebulo, soketi ya magetsi, disiki imodzi ya kunja yokoperapo zinthu, ndi pepala lolembapo mayina.